Kachipewa ka pa W

Nthawi imene ndinkaphunzira za makompyuta m'tauni ya Chinhoyi, anzanga onse ankadziwa kuti ndine mwana wa m'lokeshoni ina ya m'tauni momwemo. Ndine ndinawauza choncho. Chishona changa chinali chosalala, cha m'makombi, maminibasi a kumeneko, ndi cha pamsika, ndipo munthu akandifunsa mutupo, mfunda umene Mshona amakufunsa asanafunse n'komwe ngati wadzuka bwino, ndinali nawo wobwereka kwa mnzanga wina wa kusekondale. Zoona zake n'zakuti kwathu kunali kukomboni ya pulazi ina ya fodya, ulendo waufupi pa kombi kenako wapansi kudutsa m'minda. Agogo anga anachokera ku Dedza kudzagwira ntchito. Bambo anga anabadwira papulazi pomwepo, n'kukalambira pomwepo akusonkhezera moto m'nyumba zowotchera fodya, ndipo dziko la Malawi sanalionepo ndi maso.

Sindinayambe kubisa popanda chifukwa. Nditangofika kumene pasukulupo, tsiku lina kumalo odyera, mnyamata wina anaimirira n'kuyamba kuyeseza mmene anthu a m'mapulazi timayankhulira Chishona, akusandutsa r aliyense kukhala l. Kumeneko amatitcha mabhurandaya, ngati kuti tonse tinatsika basi imodzi yochokera ku Blantyre. Holo yonse inafa nako kuseka. Ine ndinaseka kuposa onse, mpaka kumenya tebulo ndi chikhatho. Mnyamata woyesezayo ataona kuti wapeza womusekerera wabwino anabwera kudzakhala pafupi nane, ndipo chaka chisanathe tinali pachibwenzi.

Musamuweruze msanga. Anali wa ku Marondera, mwana wa aphunzitsi, ndipo nthabwala zimenezi anangokula nazo monga anakulira ena ambiri. Mtima wake sunali woipa. M'kalasi mwathu katswiri anali iye. Pulogalamu imene enafe tinkalimbana nayo mpaka mutu kuima, iye ankangoiyang'ana akutafuna maputi, chimanga chokazinga chija amagulitsa m'timapepala, n'kuloza ndi chala chamchere pamene talakwitsa. Ndinkamukonda kwambiri, ndipo ndinkaopa tsiku limene adzadziwe kwathu.

M'chaka chachiwiri bambo anagwa ndi sitiroko. Potuluka m'chipatala mbali yonse ya kumanja inali yakufa, pakamwa patapindika. Chimene chinatidabwitsa n'chakuti Chishona chonse chimene anayankhula moyo wawo wonse ndi akapitawo chinawathawa, pamodzi ndi kachingerezi kawo ka pantchito. Chinatsala ndi Chichewa cha amayi awo, chakalekale, chotuluka movutikira, liwu limodzilimodzi, ndipo mawu ena ankabwera atasinthana malo. Akafuna bulangete ankati denga. Akafuna madzi akumwa ankati mtsinje. Ukapanda kumva ankabwereza mokweza, misozi ya mkwiyo ili m'maso, chifukwa kwa iwo zimene ankanenazo zinali zomveka bwinobwino.

Mayi anga anali atamwalira kale. Mchimwene wanga anali ku Shamva kokumba golide, ndipo foni yake inkagwira tsiku limene yafunira. Komboni nayo inali itatha. Boma litagawira anthu minda ya mapulazi, anthu amene tinakula nawo anamwazikana, ndipo otsalawo anali okalamba ofunika kuwasamala nawonso. Amene anadzipereka ndi mayi wina wa ku Masvingo, amene banja lake linapatsidwa munda kumalire ndi komboni yathu. Tinkapemphera naye tchalitchi chimodzi. Ankabwera m'mawa ndi madzulo kudzawasambitsa, kuwadyetsa ndi kuwatulutsa padzuwa, akuwatcha sekuru ngati kuti ndi agogo ake enieni. Ine ndinkapita Loweruka n'kubwerera Lamulungu. Bwenzi langa ndinaliuza kuti masiku amenewo ndimathandiza azakhali kugulitsa pamsika.

Vuto linali lakuti mayiyu Chichewa sankachimva ngakhale pang'ono, ndipo pamene ankaganiza kuti wamva ndi pamene zinthu zinkaipirapo. Bambo akanena kuti akufuna kukodza, iye ankaseka n'kuwaonjezera phala, chifukwa m'Chishona kukodza ndi kunenepetsa. Zotsatira zake ankazichapa yekha, osadandaula. Ndinamulembera mawu ena papepala ndi matanthauzo ake, koma sizinathandize kwenikweni. Pakamwa pa bambo mawu ankatuluka opotoka, moti zimene diso linkaona papepala si zimene khutu linkamva.

Nthawi yomweyo aphunzitsi athu anatipatsa ntchito yolemba pulogalamu ya chinthu chimene m'kalasi tinkachitcha mapu. Si mapu a dziko ayi. Ganizirani pakhomo pa sitolo yaikulu pamene mumasiya chikwama n'kupatsidwa kachitsulo ka nambala: mukabweza kachitsuloko amakupatsani chikwama chanu, osati cha wina. M'pulogalamu kachitsuloko timakatcha kiyi, ndipo kiyi aliyense amakhala ndi phukusi lake la zinthu. Koma zonsezi kompyuta imazisunga m'mutu mokha, moti mukaizimitsa zimafafanizika. Ntchito yathu inali yakuti mapu onsewo, makiyi ndi maphukusi ake, alembedwe m'fayilo, ndipo tsiku lina, ngakhale pa makina ena, pulogalamu iwerenge fayiloyo n'kubwezera chilichonse m'malo mwake. Aphunzitsi anati zoika m'katimo aliyense asankhe yekha.

Ndili pa kombi yopita kwathu nzeru inandibwerera. Kiyi akhale liwu limene bambo amanena. Phukusi lake likhale tanthauzo m'Chishona, chochita munthu akamva liwulo, ndi mawu a bambo enieniwo ojambulidwa pa foni, kuti mayi uja azifananiza ndi zimene akumva. Pulogalamuyo ndikanaiika pa foni yake. Za m'kalasi sizinandidetse nkhawa. Ndinaganiza kuti ndidzakonza mafayilo awiri, ina ya bambo yopita kupulazi, ina ya mawu wamba a Chishona yokaonetsa aphunzitsi. Munthu amene wakhala ndi makwawo awiri kwa zaka savutika kuganiza za mafayilo awiri.

Choncho Loweruka lililonse masana ndinkakhala ndi bambo pakhonde, foni ili pafupi ndi pakamwa pawo, ndikuwajambula. Ankatopa msanga. Nthawi zina ankakana, n'kutembenukira kukhoma, ndipo ndinkayamba kuwanyengerera ngati mwana wokana mankhwala. Mayi wa ku Masvingo ankakhala chapatali akusenda nyemba, akumwetulira. Ndinamulonjeza kuti mavuto ake atsala pang'ono kutha.

Apa ndiyenera kunena za chilembo chimodzi. Ine kuwerenga Chichewa sindinaphunzire kusukulu, chifukwa kusukulu kwathu kunalibe Chichewa. Anandiphunzitsa ndi bambo, m'mabuku a mapemphero ochokera ku Malawi amene iwo ankawerengera anthu m'katchalitchi ka pakomboni. M'mabuku amenewo muli w wina wovala kachipewa, chonchi: ŵ. Amatchulidwa mofewa, milomo ikungoyandikana osagundana. Masiku ano ambiri samulembanso, ndipo ngakhale ine pano ndikulemba popanda iye. Koma bambo pa nkhani imeneyi sankanyengerera. Ndikalemba maŵa kapena nthaŵi pansi ndi kamtengo n'kuiwala kachipewa, ankafufuta ndi phazi liwu lonse kuti ndiyambirenso. Ndiye polemba mawu awo m'pulogalamu muja dzanja langa linakana kulemba w wamba. Ndinafufuza m'zilembo zobisika za kompyuta mpaka ndinamupeza, n'kumuika paliponse pamene anayenera kukhala. Munthu wobisa bambo ake, mtundu wake ndi kwawo, koma kachipewa osafuna kukasiya. Ndikaganiza ndimadziseka.

Pulogalamu inayenda bwino. Ndikalemba denga, inkatulutsa tanthauzo lakuti akufuna bulangete, ndipo ndikadina kabatani mawu a bambo ankamveka. Ndinasunga zonse m'fayilo, n'kutseka, mtima uli m'malo. Nditatsegulanso kuti iwerenge fayilo ija, inakana. Inatulutsa uthenga wofiira wonena kuti pamalo akutiakuti m'fayilo pali chinthu chimene siyingathe kuwerenga, ndipo malowo inawatchula ndi nambala, osati ndi liwu. Palibe kiyi ngakhale mmodzi amene anabwerera.

Ndinayesa fayilo ya Chishona ija, ya aphunzitsi. Inatseguka bwinobwino. Ndinaganiza kuti mwina mawu ojambulawo ndiwo akulemera, ndiye ndinadzijambula ndekha ndikutchula mawu a Chishona n'kuika m'fayilo yoyeserayo. Inatseguka. Ndinasintha makina, ndinasintha fulashi, kachipangizo konyamulira mafayilo kaja, ndinalembanso mbali ina ya pulogalamu. Chilichonse cha Chishona chinkalowa n'kutuluka bwino, koma fayilo ya kwathu yokha ndiyo inkakanidwa pakhomo. Zinkakhala ngati nayo kompyuta yatizindikira. Wophunzira wodekha akanaona vutolo tsiku lomwelo, koma ine mantha anali atandiumitsa mutu.

Wothandiza ndinali naye pafupi, tsiku lililonse, akutafuna maputi ake. Ndinayesa kumufunsa mozungulira. Ndinamuonetsa pulogalamu ndi fayilo ya Chishona n'kunena kuti nthawi zina imakana. Anaiyesa kangapo n'kunena kuti palibe chovuta, ndipo ngati ilipo fayilo imene imakana ndimubweretsere imeneyo, chifukwa sangachize matenda amene sakuwaona. Ndinati ndaiiwala kunyumba. Tsiku lotsatira ndinati yafufutika. Kenako ndinangosiya kuitchula, ndipo masabata anayamba kudutsa. Ntchito ya m'kalasi ndinapereka, n'kukhoza bwino ndithu. Kupulazi ndinkangonena kuti zatsala pang'ono.

Loweruka lina nditafika, mayi uja anandilandira mosangalala. Anati sabata imeneyo iye ndi sekuru amvana popanda womasulira.

"Akumati kuvava, kuvava," anatero m'Chishona chake. "Ndiye ndikumawakanda ndi chitsononkho, kenako n'kuwadzoza mafuta. Koma kuyabwa kwake sikukutha, mwanangu. Kapena ndi sopoyu?"

M'Chishona kuvava ndi kuyabwa. Ndinalowa m'nyumba n'kuwavula bambo malaya. Phewa la kumanja ndi msana wonse wa mbali imeneyo zinali mizeremizere, pena khungu litasupuka. Nditangogwira mkono wakufawo kuti ndiukweze, bambo anabuula.

"Kuŵaŵa," anatero, akundiyang'ana. "Kuŵaŵa."

Phewa linali litatupa. Mayiyo powadzutsa ankawakoka ndi mkono wakufawo, osadziwa kuti suyenera kukokedwa. Iwo akanena kuti pakuwawa n'kulozapo ndi dzanja lamanzere, iye ankabwera ndi chitsononkho n'kukanda pomwepo ndi mtima wake wonse. Nditamufotokozera anakhala pansi padothi, manja kumutu, n'kuyamba kulira. Ndinamuuza kuti si kulakwa kwake, ndipo ndinanena zoona. Liwu limenelo linali m'fayilo mwanga, ndi tanthauzo lake m'Chishona, ndi malangizo akuti mkono wa kumanja usakokedwe. Zonse zinali m'chikwama chimene ndinali nditakoleka pachitseko.

Atapukuta misozi anandifunsa mofatsa, popanda kundiimba mlandu: "Nanga cha m'foni unanena chija, mwanangu?"

Ndinasowa kolowera. Ndinamuyankha kuti Loweruka likubwerali ndibwera nacho.

Lolemba masana ndinamupeza bwenzi langa m'chipinda cha makompyuta. Munali anthu ochepa, ndipo iwo anali kutali, kumazenera. Ndinamupatsa fulashi. Ndinali nditakonzekera njira yonse kuti ndimuuza zoona, ndipo mawu ake ndinali nditawasanja bwino. Anatsegula fayiloyo osati ndi pulogalamu yanga, koma ndi chida china chimene chimaonetsa za m'kati mmene zilili. Anapita pa nambala imene uthenga wofiira unkatchula, n'kuloza ndi chala.

"Ndi aka," anatero. "Ka w kovala chipewa. Pulogalamu yako polemba ikugwiritsa ntchito kalembedwe kodziwa zilembo za dziko lonse, koma powerenga ikugwiritsa ntchito kakale, kodziwa za Chingerezi zokha. Ikafika pa aka ikudabwa, n'kutaya zonse. Chishona chilibe chilembo chotere, n'chifukwa chake fayilo inayo imadutsa." Anayandikira pagalasi n'kuyamba kuwerenga. "Mtsinje. Denga. Chiyankhulo chanji chimenechi?"

Pamenepo ndi pamene ndinayenera kunena. Ndinatsegula pakamwa, ndipo zimene zinatuluka ndinazimva ngati akunena ndi munthu wina.

"Ndi cha wantchito wa amalume anga, kupulazi kwawo. Akudwala. Amalume anandipempha kuti ndithandize womusamala."

"Oo, achimwene," anatero akuseka, ndi kamayankhulidwe kake koyeseza kaja, pakuti limenelo ndi dzina lina limene amatipatsa. "Ndiye tiwathandize achimwene. Njira zilipo ziwiri. Tichotse tizipewati, kapena tiphunzitse pulogalamu kutiwerenga."

"Chotsa," ndinatero msanga.

"Ayi, umenewo ndi ulesi. Eni ake anakaikapo ndi chifukwa. Ndi mzere umodzi wokha."

Anasintha mzere umodziwo. Pulogalamu inawerenga fayilo yonse osadandaula, ndipo makiyi onse anandandalika pagalasi, aliyense ndi phukusi lake. Masabata onse aja ndinavutikira chinthu chimene iye anakonza maputi asanathe m'kamwa. Ndinatambasula dzanja kuti nditenge fulashi yanga, koma iye anati tidikire, pulogalamu siyiperekedwa isanayesedwe, ndipo poyesa timayambira pamene panali vuto. Anasankha kuŵaŵa. Tanthauzo linatuluka m'Chishona. Kenako anadina kabatani ka mawu.

Bambo anga anamveka m'chipinda chonsecho, akulimbana ndi lilime lawo. Anayamba liwulo n'kulephera, n'kupumira m'mwamba. Ine pojambula paja ndinali nditaiwala chinthu chimodzi, chakuti foni simasankha woti imujambule. Pambuyo pa mpweya wa bambo panamveka mawu a mtsikana, apafupi, omveka bwino, m'Chichewa cha pakomboni chopanda chilema:

"Nenaninso, ababa, pang'onopang'ono. Ndine mwana wanu, musachite manyazi."

Sipafunika kudziwa Chichewa kuti Mshona amve ababa, kapena mwana wanu. Ndipo mawu anga ankawadziwa kuposa munthu wina aliyense pasukulupo. Anasiya kutafuna. Sananditembenukire. Anasankha kiyi wina, maŵa, n'kudinanso, kaya pofuna kutsimikiza kaya posowa chochita ndi manja ake. Bambo anati maŵa, mokweza kumapeto ngati funso, ndipo mtsikana uja anayankha kuti eya, ndipita maŵa, koma ndibweranso Loweruka, musadandaule.

Ndinayang'ana pansi. Pansipo panali timaputi tiwiri timene anagwetsa, ndipo ndinatiyang'anitsitsa ngati kuti tindiuza chonena. Manyazi amene ndinkawaopa zaka zonsezo, akuti adzadziwa kuti ndine wa kukomboni, sanabwere n'komwe. Anabwera ena, amene sindinawakonzekere. Munthuyu anali atandimva ndi makutu ake ndikutcha bambo anga wantchito wa amalume, kenako n'kundimvanso ndikuwauza bambo omwewo kuti asachite manyazi.

Kenako anati, "Nthabwala zija ndinkachita zija," koma sanamalize. Ndinaona kuti nayenso manyazi amugwira, ndipo zimenezi zinandipweteka kwambiri, chifukwa ndine ndinkamusekerera kuti apitirize. Akanakalipa bwenzi zili bwino. Ndikanakalipa nanenso, n'kumukumbutsa za kumalo odyera kuja, ndipo tikanapeza pothera. Koma iye anangotembenukira ku kompyuta n'kuyamba kugwira ntchito mwakachetechete. Anakonza pulogalamu kuti izitha kuyenda pa foni yotsika mtengo, anakulitsa zilembo kuti munthu wamkulu aziona bwino, anasunga zonse, n'kutseka, n'kutsegulanso kuti aone ngati zabwerera. Zinabwerera zonse. Anazula fulashi n'kuiika patebulo pakati pathu, osati m'dzanja langa.

"Ukawapatse moni antchito a amalume akowo," anatero, n'kunyamula chikwama chake.

Mpaka lero sindidziwa ngati ankandibaya, kapena ankandisiyira bodza langa kuti ndituluke nalo m'chipindamo ndisanagwe. Sitinakangane. Sitinathetse chibwenzi ndi mawu. Tinangoyamba kupatsana moni ngati anthu a kalasi imodzi, mpaka tinamaliza sukulu. Kangapo ndinamuona akubwera kumene ndinali, ndipo ine ndinkakhota. Iye mwina akanatha kukhala nane, koma ine sindikanatha kukhala pamaso pa munthu amene anamva zimene zija. Kuyeseza kuja sindinamumvenso akuchita.

Loweruka ndinapita kupulazi monga ndinalonjezera. Ndinaika pulogalamu ndi fayilo pa foni ya mayi wa ku Masvingo, ndipo zinatseguka nthawi yomweyo. Anaphunzira msanga kuposa mmene ndinkaganizira. Anakhala pamkeka pafupi ndi bambo n'kumadina liwu lililonse motsatana, akubwereza mokweza kuti lilime lake lizolowere. Pa ŵ sanavutike n'komwe, anati ndi v wawo yemweyo, kungoti wavala. Bambo atamva mawu awo akutuluka m'foni anadabwa kaye, kenako anaseka ndi theka la pakamwa limene linkagwira ntchito. Phewa linali litayamba kuphwa, chifukwa tsopano ankawadzutsa powagwira m'chiuno.

Mayiyo atapita kukaona mbuzi zake tinatsala awiri pakhonde. Moni uja unkandilemera. Kwathu moni wa munthu subisidwa, ngakhale utabwera moipa bwanji, ndipo ndinali nditabisa zokwanira.

"Ababa," ndinatero, "zimenezi sindinakonze ndekha. Wandithandiza mnzanga wa kusukulu. Wati ndikupatseni moni."

Anandiyang'ana nthawi yaitali, milomo ikugwedera, akufunafuna liwu. Ndinadikira kuti lituluka losinthana ndi lina monga mwa masiku onse, ndipo ndiyenera kuliganizira tanthauzo. Koma linatuluka lolunjika.

"Akundidziŵa?"

"Eya, ababa. Akukudziwani."

"Kusukulu?"

"Eya, kusukulu."

Anadzikoka pampando mpaka anakhala mowongoka. Ndi dzanja lamanzere anayamba kukonza kolala ya malaya awo, n'kulimbana ndi batani la pakhosi limene linali losamanga. Ndinafuna kuwathandiza koma anandikankha dzanja. Atalimanga analoza ndi chibwano kubwalo, kumene nkhuku zathu zochepa zinkapalasa.

"Abwere," anatero. "Tambala uyo. Timuphere."